Phunziro: Kufotokoza ulendo wa panjinga m'mbali mwa mtsinje

Ana a ku Angónia ndi ku Lago amaidziwa njinga ngati cida ca nchito, conyamulira makala, cimanga ndi odwala. Koma m'mabuku adzakumana ndi anthu opalasa masiku angapo pofuna kungoona dziko. Tikapanda kuwakonzekeretsa, adzaloweza mawu a Cipwitikizi osagwira tanthauzo lake.

Citsanzo cathu ndi njira ya njinga yotsata mtsinje wa Danube, kucokera ku Passau m'dziko la Germany kukafika ku Vienna, likulu la Austria, mtunda wopitirira makilomita 300. M'malo ambiri imadutsa mmene kale akavalo ankayenda pokoka mabwato, ndipo zitunda n'zocepa. Kum'mawa kwa Vienna imalowa m'nkhalango ya m'madambo ya Donau-Auen, imene boma linaisandutsa paki yotetezedwa mu 1996.

Tisayambire ku Danube. Titsate ndondomeko iyi:

1. Ana asimbe mu Cinyanja ulendo wa panjinga umene akuudziwa.
2. Ajambule njirayo panthaka, aikemo mtsinje, mlatho, dambo ndi msitu wa kumanda, kumene mitengo yakale siidulidwa.
3. Alondolerane njira ndi mawu olozera: kumtunda, kunsi, kutsidya, pamphambano.
4. Tiwawerengere za Danube, iwo achule zofanana ndi zosiyana.
5. Pomaliza tipereke mawu a Cipwitikizi: rio, ponte, floresta.

Poyesa phunziroli, tifunse mwana cifukwa cimene njira yotsata mtsinje siitopetsa wopalasa. Akayankha m'mawu akeake, wamvetsa.