Kuchokera ku Karonga kukafika ku Chitipa pa ndege ndi makilomita angati?

Sabata yatha, ndikutuluka m'kalasi, mtsikana wina wa Fomu 3 anandiimitsa pakhomo. "Aphunzitsi, kwathu ndi ku Chitipa. Ndege itanyamuka ku Karonga kupita kwathuko, ingayende mtunda wofanana ndi wa minibasi?" Ndinamuuza kuti ndimuyankha pano, chifukwa apa ndi pomwe ambiri a inu mumataya malikisi pa MSCE: kusiyanitsa distance ndi displacement.

Distance ndi mtunda wonse womwe mwayenda, makhotakhota onse. Displacement ndi mzere wowongoka kuchokera poyambira kukafika pothera, komanso mbali yomwe mwalowera. Ine ndikaima kuno ku Naperi ndimaliona phiri la Ndirande, koma minibasi siingadutse m'nyumba za anthu kuti ikafike kumeneko molunjika. Ndege yokha ndiyo imayandikira mzere wowongokawo.

Msewu wa Karonga–Chitipa ndi wa makilomita pafupifupi 100, wokhotakhota m'mapiri. Nanga wa mumlengalenga? Tiwerengere limodzi, tengani kope.

Kuzungulira dziko lonse ndi makilomita pafupifupi 40,000. Gawani ndi madigiri 360, mupeza kuti digiri imodzi ya latitude ndi makilomita 111. Karonga ili pa 9.93°S, 33.93°E. Chitipa ili pa 9.70°S, 33.27°E.

Kumpoto: 9.93 − 9.70 = 0.23. Chulukitsani ndi 111, tipeza makilomita 26.

Kumadzulo nkomwe kuli msampha. Kusiyana kwake ndi madigiri 0.66, koma musathamangire kuchulukitsa ndi 111 yekha. Mizere ya longitude ili ngati mizere ya pa dzungu: yatalikirana pakati, nkukakumana kumapeto. Ndiye timachulukitsanso ndi cosine ya latitude. Pa madigiri 10, cosine ndi 0.985, choncho 0.66 × 111 × 0.985 ikutipatsa makilomita 72. Kuno kwathu, poti tili pafupi ndi equator, mukaiwala cosine mulakwitsa ndi kilomita imodzi chabe. Koma ku Oslo, pafupi ndi 60°N, cosine ndi 0.5, ndipo yankho lanu lingakhale lowirikiza kawiri. Musazolowere ulesi umenewo.

Tsopano Pythagoras uja mumati alibe ntchito: 26² + 72² = 676 + 5,184 = 5,860. Square root yake ndi pafupifupi 77. Ndiye mumlengalenga ndi makilomita 77, chakumadzulo kopendekera kumpoto pang'ono. Mbali imeneyi muzilemba, apo ayi simunapereke displacement.

Wina anena kuti, nanga kukwera? Zoona, Karonga ili m'mphepete mwa nyanja pomwe Chitipa ili pamwamba, kusiyana kwake mamita pafupifupi 800. Koma ikani 0.8 ndi 77 mu Pythagoras yemweyo muone: yankho likhala 77.004. Kukwera komwe kumaliritsa injini ya lole kumangowonjezera mamita 4 pa mzere wowongoka. Nanenso ndinabwerezanso pa calculator ndisanakhulupirire.

Tiyerekeze kandege kakang'ono kothamanga makilomita 200 pa ola. 77 ÷ 200 = 0.385 ya ola, omwe ndi mphindi 23, osawerengera kunyamuka ndi kutera.

Ntchito yanu nayi: Mzuzu ili pa 11.46°S, 34.02°E. Pezani displacement yochokera ku Mzuzu kukafika ku Karonga, ndipo mundiuze ngati cosine yasintha kanthu pa yankho lanu.