Ntchito ya woponya mpira wamanzere

Ku America kuli masewera otchedwa baseball. Munthu mmodzi amaima pa kachulu pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba. Wina amaima moyang'anana naye, pa mtunda wa mamita 18, atagwira chibonga kuti akamenye. Akakaphonya katatu, ndiye kuti watuluka. Akatuluka atatu, matimu amasinthana. Masewera onse amakhala ndi zigawo 9.

Amene wayamba kuponya samaliza kawirikawiri. Mkono umatopa, ndipo omenya amayamba kumuzolowera. Zikatero, kochi amayenda mpaka pa kachulu paja n'kumulanda mpira. Kenako amakodola wina ku bullpen, malo otchingidwa kumapeto kwa bwalo kumene olowa m'malo amatenthetsera mikono. Kochi akakweza dzanja lamanzere, aliyense amadziwa kuti akuitana woponya wamanzere.

N'chifukwa chiyani wamanzere? Taimirirani ngati ndinu womenya wamanzere, phewa lanu lamanja litaloza kwa woponya. Woponyayo akakhala wamanja, mkono wake mumauona bwinobwino, ndipo mpira wake wokhota umabwera cha kwa inu. Koma akakhala wamanzere mnzanu, mpira umaoneka ngati ukuchokera kumsana kwanu. Mumauona mochedwa. Poti muzimenya, wakhota kale n'kuthawira kutali ndi chibonga. Nzeru yonse yagona pamenepa. Ndipo poti amanzere ndi ochepa, mwina mmodzi pa anthu 10 alionse, matimu amawasunga ngati mbewu.

Mmodzi mwa oponya amanzere otere anali Jesse Orosco, amene anabadwa mu 1957 ku Santa Barbara, m'chigawo cha California. Anayamba kusewera mu ligi yaikulu mu 1979 ndi timu ya New York Mets. Pa 27 Okutobala 1986, Mets inakumana ndi Boston Red Sox m'masewera otsiriza olimbirana chikho cha World Series. Orosco ndiye anaitanidwa kudzatseka. Marty Barrett, womenya wotsiriza, anaphonya. Orosco anaponya gulovu yake m'mwamba n'kugwada pansi, anzake akumuthamangira.

Koma ine chimandigwira mtima ndi zaka zotsatira. Atakula, ntchito yake inali yodikira. Ankakhala ku bullpen maola awiri kapena kuposa, osadziwa ngati aitanidwa. Akaitanidwa, nthawi zambiri kunali kudzathana ndi womenya wamanzere mmodzi yekha, pamene zinthu zavuta. Mipira inayi kapena isanu, basi, ntchito yatha. Akalakwitsa kamodzi, panalibe mpata wokonza. Mawa lake ankayenera kukhalanso wokonzeka, mkono ukuwawa kapena ayi.

Poponya pang'onopang'ono chonchi, mkono wake unakhalitsa. Anasewerera matimu 9, ndipo anaponya komaliza mu 2003 ali ndi zaka 46. Anaponya m'masewera 1,252, chiwerengero chimene palibe woponya wina mu ligi yaikulu wachifikapo. Mwa masewera onsewa, iye anayamba ndi 4 okha.

Mu 2020 lamulo linasintha pofuna kuti masewera asamachedwe. Tsopano wolowa m'malo ayenera kuponyera omenya atatu, pokhapokha ngati matimu asinthana asanakwane atatuwo. Choncho wamanzere wa lero ayenera kudziwanso kugonjetsa omenya amanja, apo ayi timu imusiya.