CHAMMWAMBA NDI MATENDA A SHUGA

Pa tchuthi chapitachi ndidapeza amalume anga akutsimphina. Pa chala chachikulu cha kuphazi padali chilonda chimene chidakana kupola kwa milungu itatu. Amalumewa adawapeza ndi matenda a shuga chaka chatha, ndipo kuchipatala adawapatsa mapiritsi otchedwa metformin. Nditawafunsa ngati akumwabe, adaseka nandionetsa botolo la ufa wobiriwira. "Mphwanga, mankhwala enieni ndi awa. Mapiritsi aja ndidasiya kalekale." Udali ufa wa chammwamba umene adagula kwa munthu wina m'basi, amene adawatsimikizira kuti umachiza shuga kotheratu. Nkhani imeneyi ndiyo idandichititsa kufufuza zimene ndalemba pano.

Kodi shuga ndi matenda anji?

Tikadya nsima, mbatata, chinangwa kapena mpunga, thupi limasandutsa zakudyazi kukhala shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayu achoke m'magazi ndi kupatsa thupi mphamvu, pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Pali mitundu iwiri ikuluikulu ya matendawa. Pa mtundu woyamba, umene kawirikawiri umayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, kapamba amaleka kupanga insulini. Pa mtundu wachiwiri, umene amalume ali nawo ndipo ndiwo wofala kwambiri, insulini alipo koma sakwanira kapena thupi silimumvera bwino.

Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kutopa, kuwonda, kusaona bwino ndiponso zilonda zochedwa kupola. Munthu akayezedwa m'mawa asanadye kanthu, shuga wake n'kufika 7.0 mmol/L kapena kupitirira, ndipo akayezedwanso tsiku lina n'kupezeka chimodzimodzi, madokotala amati ali ndi matendawa. Choopsa n'chakuti shuga wokwera amawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete, mwini wake akudzimva kuti ali bwino.

Nanga chammwamba?

Mtengo umenewu, umene akatswiri amautcha Moringa oleifera, kwawo ndi ku India, koma umakula bwino m'madera otentha a kuno kwathu monga ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja. Masamba ake ndi ndiwo yabwino zedi: ali ndi zomanga thupi, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi monga ayironi. Akatswiri atauyesa pa nyama, ndiponso pa magulu ochepa a anthu, adaona kuti masambawa angathe kutsitsa shuga pang'ono, makamaka munthu akangotha kudya. Tione bwino mawu oti pang'ono. Palibe umboni wakuti chammwamba chimachiza shuga, kapena kuti chingalowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Wogulitsa uja adatenga choonadi chaching'ono nachikulitsa kuti malonda ake ayende.

Phunziro la mbiri yakale

Chimene chidandidabwitsa n'chakuti mapiritsi amene amalume adawanyoza aja chiyambi chake ndi chitsamba. Anthu a ku Ulaya akhala akugwiritsa ntchito chomera chotchedwa Galega officinalis kuyambira kalekale. Akatswiri adapeza kuti muli zinthu zotsitsa shuga, koma zina mwa izo n'zapoizoni. Adafufuza mankhwala ofanana nazo amene thupi lingawalandire, mpaka m'chaka cha 1957 dokotala wa ku France, Jean Sterne, adalengeza zotsatira za metformin pa anthu odwala shuga. Choncho chipatala sichidana ndi zitsamba ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti piritsi lili ndi mlingo wodziwika, pamene mphamvu ya supuni ya ufa imasintha malinga ndi nthaka, nyengo ndi kayanikidwe kake.

Insulini nayenso adatulukiridwa mu 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, ndi Frederick Banting ndi Charles Best. Isanafike nthawi imeneyo, ana odwala mtundu woyamba sankakhalitsa ndi moyo. Mpaka lero palibe tsamba kapena muzu umene ungagwire ntchito ya jakisoni ameneyu.

Zoyenera kukumbukira

1. Osasiya kapena kuchepetsa mankhwala a kuchipatala popanda dokotala kunena.

2. Mukafuna kudya chammwamba tsiku ndi tsiku, uzani a kuchipatala. Amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide asamale kwambiri, chifukwa shuga angathe kutsika mopitirira. Akatsika kupyola 3.9 mmol/L munthu amanjenjemera, kutuluka thukuta ndi kuchita chizungulire. Pamenepo amwe madzi a shuga msanga.

3. Gwiritsani ntchito masamba okha. Atsukeni, ayanikeni pamthunzi, kenaka musinje ndi kusefa. Mizu ndi makungwa n'zoopsa, makamaka kwa amayi oyembekezera.

4. Chepetsani mitanda ya nsima, sankhani mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, chulutsani masamba ndi nyemba, pewani zakumwa zotsekemera, ndipo yendani kapena gwirani ntchito yolimbitsa thupi tsiku lililonse.

5. Yezetsani shuga nthawi ndi nthawi ndipo yang'anani mapazi madzulo alionse.

Amalume tidapita nawo kuchipatala. Shuga wawo adali atakwera kwambiri, ndipo adokotala adati akadachedwa chala chija chikadadulidwa. Adayambiranso mapiritsi, ndipo pamene ndinkabwerera kuno chilonda chidali chitayamba kuuma. Chammwamba sadachisiye, koma tsopano amachidya ngati ndiwo yotendera.

Makolo athu, musanagule botolo lililonse m'basi kapena pamsika, yambani mwafunsa. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndipo ife anzanga, amene mawa lino tidzakhala tikuyendera odwala m'midzi, tizolowere kufunsa funso limene ine ndidachedwa kufunsa amalume: "Kodi mankhwala aja mukumwabe?"