Kukonza chasisi cha Land Rover yakale pakhomo

M'mabwalo a mishoni, kuseri kwa magalaja ndi m'makomo ena muli ma Land Rover amene anaima kalekale, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Ambiri mwa magalimoto amenewa angathe kuyendanso. Land Rover yoyamba inapangidwa mu 1948 ku Solihull m'dziko la England, ndipo mtundu wa Series III, umene ambiri tinaukwerapo, unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985.

Galimoto yotere ili ndi zigawo ziwiri. Pansi pali chasisi, chimene ndi zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ndi zina zopingasa. Injini, giyabokosi ndi masipuling'i zonse zamangidwa pamenepo. Pamwamba pali bodi, yogwidwa ndi mabawuti. Mbali yaikulu ya bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, ndipo sichita dzimbiri. Mpake imanyenga. Munthu amaona zitseko zosalala n'kumati galimoto ili bwino, chikhalirecho chasisi chinadyeka kale. Zitsulo za chasisi n'zamphako. Matope a dzinja amalowamo n'kusunga chinyontho, ndipo dzimbiri limayambira m'kati. Kuti muone zonsezi, bodi iyenera kuchoka.

Ntchitoyi ndi ya m'chilimwe, mutakolola. Sankhani malo osalala, a dothi lolimba. Yambani ndi kuchotsa batire. Kenaka khuthulani petulo yense, masulani thanki, mukaiike kutali ndi khitchini. Thanki yopanda kanthu ndi yoopsa kwambiri, chifukwa mpweya wa petulo wotsalamo umaphulika ndi kamoto kakang'ono.

Ubwino wa Land Rover ndi woti bodi yake imachoka chigawochigawo: boneti, zitseko, denga, mapiko a kutsogolo, kenaka bokosi la kumbuyo. Amuna anayi amanyamula bokosilo bwinobwino. Mabawuti olimba musawakakamize. Athireni parafini kapena oilo madzulo, mudzamasule mawa. Mabawuti a chigawo chilichonse aikeni m'kajumbo kawokawo, mulembe papepala kumene achokera. Waya aliyense mumumate kapepala kolembedwa dzina. Apa kulemba kukupulumutsirani ndalama, pakuti ntchitoyi imatenga miyezi ndipo mutu umaiwala. Ngati muli ndi foni ya kamera, jambulani musanamasule.

Tsopano mvetsetsani bwino. Musalowe pansi pa galimoto imene yaimikidwa pa jeke yokha. Ntchito ya jeke ndi kukweza basi. Musachirikize ndi njerwa, ngakhale zootcha. Njerwa imaphwanyika mwadzidzidzi, osachenjeza, ndipo chitsulo chikagwera pachifuwa palibe nthawi yoitana munthu. Mabuloko a simenti nawonso amasweka chimodzimodzi. Gwiritsani ntchito zitsulo zochirikizira zimene amakanika amakhala nazo, kapena zipika zazikulu za mtengo wolimba, zodulidwa mosalala ndi zogoneka pansi. Ikani miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala otsala. Mukatero gwedezani galimoto ndi mphamvu musanalowe. Ikasuntha ngakhale pang'ono, yambiraninso. Ana amakonda kusewera pamalo otere. Auzeni mwamphamvu kuti asayandikire, ndipo inu musagwire nokha popanda wina pafupi. Kubwereka zitsulo zochirikizira n'kotsika mtengo kuposa kugoneka bambo wa banja m'chipatala.

Chasisi chikaonekera, chitsukeni, mutulutse matope onse a m'mphako. Palani dzimbiri ndi bulashi ya waya kapena galayinda, mutavala magalasi oteteza maso ndi kansalu kukamwa. Kenaka gogodani paliponse ndi hamala yaing'ono. Chitsulo chabwino chimalira nge, chodyeka chimangoti phu, mwina n'kubowoka. Malo amene amadyeka msanga ndi chitsulo chopingasa cha kumbuyo, timikono tochirikiza bodi m'mbali, ndi pomangira masipuling'i. Podyeka padulidwe, pawotchereredwe chitsulo chatsopano chokhuthala mofanana ndi chakale. Lata la denga kapena chidutswa cha mgolo si cha pamenepa. Ngati simudziwa kuwotcherera, itanani katswiri. Chasisi ndicho chimanyamula moyo wa okwera.

Asanawotcherere, yezani ndi chingwe kuchokera ngodya ina kufika ngodya yopingasana nayo, monga amachitira amisiri poyala maziko a nyumba. Miyeso iwiriyo ikhale yofanana. Ikasiyana, chasisi chapindika, ndipo galimoto idzayenda chammbali n'kumadya matayala.

Samalani nambala ya chasisi. Pa Land Rover ya mtundu uwu inadindidwa kutsogolo, kudzanja lamanja, pafupi ndi pomangira sipuling'i. Musaidule kapena kuipala ndi galayinda. A Road Traffic amaiyerekeza ndi imene ili m'mapepala a galimoto, ndipo ikafufutika mudzavutika kupeza COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Pomaliza pakani penti yofiira yoletsa dzimbiri, ikauma mupake yakuda kawiri. M'mphako thiranimo oilo. Oilo wakale wotsala musamutaye pafupi ndi chitsime kapena mjigo. Mapaipi a mabuleki ndi a mafuta sinthani tsopano, pamene bodi kulibe ndipo manja akufika paliponse. Mabuleki akhale atsopano ndithu, ngakhale penti ya bodi itadikira chaka chamawa.