Legeni ndi zipolopolo zadothi: chida cholindira munda

Alimi anzathu a ku Mhuju ndi chigwa chonse cha Henga, makamaka inu amene minda yanu yatsamira mapiri a kumunsi kwa Nyika, mukudziwa zimene zimachitika chimanga chikayamba kukhwima mu Febuluwale ndi Malichi. Anyani ndi apusi amatsika m'mamawa, ndipo ola limodzi lokha mizere ingapo imakhala itathyoledwa.

Ena akatopa amakumbukira gogodera wa agogo, kapena amafuna kusula mfuti kuti izilandira zipolopolo zotchipa. Chonde musatero. Lamulo la mfuti la 1967 silikulola kusunga mfuti popanda chiphaso, ndipo mfuti yosulidwa kumudzi imatha kuphulikira m'manja mwa mwini wake. Pali chida chimene zipolopolo zake simugula ngakhale ndi tambala imodzi, ndiye legeni. Ambiri timayiyesa choseweretsa ana, pomwe ikapangidwa bwino ndi chida cha mlimi wamkulu.

Dulani mphanda ya mtengo wolimba, monga gwafa, yokwana bwino m'dzanja lanu. Chekani malamba awiri ofanana kutalika ndi m'lifupi pa chubu chimene chikadatamuka, ndipo kachikopa kogwirira chipolopolo mutenge pa lilime la nsapato yakutha. Mangani zonse ndi timizere ta chubu chomwecho. Waya amadula mphira, musamugwiritse ntchito.

Chinsinsi chili pa zipolopolo. Miyala yotola m'njira imasiyana kulemera, ndiye wina umapita kumwamba, wina pansi, ndipo dzanja siliphunzira kanthu. Mwala ukagunda thanthwe umabwereranso, n'kuvulaza mwana amene ali pambali. Tengani dothi la pachulu, mulikande ngati loumbira mbiya, kenaka muzibulungiza pakati pa zikhatho timipira tofanana ndi masawu. Mutiyanike pamthunzi masiku awiri musanatiike padzuwa, chifukwa tikauma mofulumira timang'aluka. Madzulo amodzi banja litakhala pakhonde likhoza kudzaza lichero. Kampira kotere kakamenya nthambi kamaphwanyika ndi phokoso, fumbi n'kubuka pamaso pa nyani, gulu lonse n'kumwazika.

Popeza zipolopolo ndi zaulere, yesererani tsiku lililonse chimanga chisanache. Pachikani chitini pa kamtengo, kuseri kwake mutambasule thumba lakutha, muime mapazi khumi. Mukamenya kasanu motsatizana, bwererani m'mbuyo mapazi ena asanu. Thumbalo limawakha timipira tosasweka, mumatitolanso. Kuseri kwa chitini kusakhale nyumba, khola kapena njira yodutsa anthu.

Musanakoke, yang'anani mphira pafupi ndi mfundo. Mukaona kamng'alu, sinthani pomwepo, pakuti lamba akaduka amakwapula diso. Mukamaliza, sungani legeni pamthunzi. Dzuwa limaumitsa mphira. Ana aang'ono asaigwire popanda wamkulu.

Cholinga ndi kuopseza, osati kupha. Lozani pa nthambi kapena pansi pafupi ndi nyama. Anyani ndi ochenjera, akaona munthu pachilindo atanyamula legeni masiku angapo amayamba kuima patali, koma chilindo chikakhala chopanda munthu amabwerera. Gwirizanani ndi eni minda yoyandikana kuti muzilindira mosinthana, makamaka m'mamawa ndi chakumadzulo.

Legeni si ya nguluwe, njati kapena njovu. Nyama zotere mukaziona m'munda musazipute, kanenani msanga kwa amfumu ndi kwa ogwira ntchito ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Lamulo loteteza nyamazi linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kupha nyama yotetezedwa kwambiri ngati njovu kukhoza kum'tsekeretsa munthu m'ndende mpaka zaka 30.

Umbani zipolopolo zanu mvula isanayambe, dzuwa likadalipo. Ngati pali mafunso, kaonaneni ndi alangizi a zaulimi ku Mhuju EPA.