Kuphunzitsa Ana Miyeso

Aphunzitsi ambiri a Sitandade 5 ndi 6, pofika pa phunziro la miyeso, amathamangira kubolodi nalemba kuti mita imodzi ili ndi masentimita 100, ndi kuti kilogalamu imodzi ili ndi magalamu 1,000. Ndipo ana amaloweza monga nyimbo. Koma tamufunsani mmodzi wa iwo kuti akuonetseni ndi manja ake utali wa mita: angoti kakasi.

Tsono inu yambani motere. Itanani ana atatu osiyana msinkhu, ayese utali wa khoma la kalasi ndi mapazi awo. Wamkulu adzawerenga mapazi ochepa, wamng'ono ochuluka, ndipo mkangano udzabuka. Musauletse msanga, pakuti phunziro lili mumkangano momwemo. Ana adzaona okha kuti khoma silinasinthe, koma zoyesera ndizo zisiyana. Makolo athu ankakumana nalo vuto lomweli poyesa nsalu ndi mkono. Ndipo anthu a ku France, atatopa nayo miyeso yosiyanasiyana ya m'mizinda mwawo, anakhazikitsa mita m'chaka cha 1795. Pamenepo tulutsani ndodo ya mita, onse atatu ayesenso, napeze yankho limodzi. Pogwiritsa rula muwapenyetsetse, chifukwa ambiri amayambira pa 1 m'malo mwa 0.

Chimene chisokoneza ana koposa ndicho kusiyanitsa kudzala kwa chotengera ndi kulemera kwa zimene zili m'menemo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, nchifukwa chake mwana amayesa kuti chimanga chodzaza ndowa ya malita 20 chilemeranso makilogalamu 20. Musatsutsane naye ndi mawu okha. Bwerekani sikelo, muyambe mwayesa ndowa yopanda kanthu kuti kulemera kwake muchotsere. Thiranimo madzi, kenaka chimanga chosasefukira, pomaliza gaga. Chimanga chidzangofika pafupifupi makilogalamu 15, gaga ndiye adzachepa ndithu, chonsecho ndowa ndi yomweyo.

Izi si za mayeso okha ai. Mwana yemweyo pa nthawi yokolola adzaima pambali pa amake pamene wogula akupachika thumba la makilogalamu 50 pa sikelo yake, ndipo kapena pabanjapo wodziwa kuwerenga sikelo ndiye yekha. Mphunzitseni kuyamba wayang'ana ngati muvi wa sikelo uli pa 0 thumba lisanakwere, ndi kuwerenga maso ake atalunjika pamuvipo, osati chammbali.