KUYESA MADZI: PHUNZIRO LA KU MAKOMBONI A LUSAKA

Mai wa ku Kanyama akatunga madzi pa citsime, ayamba wawayang'ana, nawanunkhiza, ndipo akaona kuti ali mbee, asenza ndowa yace ndi mtima wokhazikika. Komatu zambiri zimene zimaipitsa madzi siziri ndi mtundu kapena pfungo, ndipo diso silingazione. Cifukwa cace madzi ayenera kuyesedwa.

1. Kumene madzi a Lusaka acokera

Madzi a mzinda uwu acokera kuwiri. Ena apopedwa mu mtsinje wa Kafue pa malo ochedwa Iolanda, nafika m'mipope. Ena aturuka pansi, m'mijigo ndi m'zitsime. Kafue asanafike pa Iolanda ayamba wapita pakati pa migodi ya mkuwa ya ku Copperbelt, kotero kuti cimene citayidwa kumtunda kuja cikhudzanso anthu a ku Matero ndi Mtendere, ngakhale sanaonepo mgodi.

2. Coipa ca ku migodi

Pa 18 February 2025 damu losungiramo zotsalira za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka. Madzi a asidi, amene poyamba anawerengedwa ngati malita 50 miliyoni, anatsikira mu mtsinje wa Mwambashi, nalowa mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali inapserera, ndipo mipope ya mzinda wa Kitwe inatsekedwa. Ndege za asilikari zinawaza laimu m'madzimo kuti aphe ukali wa asidi. Akulu anati madzi akatayika saoleka.

Oyesa madzi a mgodi satunga pamodzi pokha ai. Atunga botolo loyamba kumtunda kwa mgodi, laciwiri pamene ngalande ya mgodi ithira, lacitatu kumunsi. Pakuti popanda botolo loyamba palibe angatsimikize kuti coipa cacokera ku mgodi. Atero m'cilimwe ndi m'dzinja lomwe, natapako ndi matope a pansi, popeza zitsulo zimakhala m'matope madzi atayera kale.

Coyamba kuyesa ndi ukali wa madzi, umene uchedwa pH. Muyeso wace uyambira pa 0 kulekeza pa 14, ndipo madzi akumwa ayenera kukhala pakati pa 6.5 ndi 8.5. Akatsika kwambiri asungunula zitsulo monga mkuwa ndi mtobvu. Mtobvu uononga nzeru za ana, ndipo bungwe la umoyo la dziko lonse, WHO, silola kuti upitirire mamiligaramu 0.01 pa lita. Nchito yoyang'anira zotayidwa za migodi mu Zambia iri m'manja mwa bungwe la ZEMA.

3. Coipa ca pakhomo

Kanyama, Chawama ndi George zakhala pa thanthwe la laimu, lokhala ndi ming'alu ndi mapanga ambiri, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Anthu akhala akukumba mwala umenewu zaka zambiri, nasiya maenje amene adzala madzi, monga damu la Ngwenya ku Misisi. Mvula ikagwa zimbudzi zisefukira, ndipo zonyansa zitsata ming'alu ija kufikira m'zitsime, zosasefedwa ndi dothi.

Zotsatira zace zinaoneka. Kuyambira October 2017 kufikira May 2018 kolera inagwira anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Madzi atayesedwa, zitsime zosazama zambiri zinapezeka zodetsedwa, ndipo Boma linalamula kuti zikwiriridwe. Mu October 2023 nthendayo inabweranso mwaukali koposa: m'dziko lonse odwala anaposa 20,000, akufa nafika ngati 700, ndipo bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala.

Pofuna coipa ici, woyesa asefa mamililita 100 a madzi, naika sefayo pofunda usana ndi usiku. Pakamera kacirombo kochedwa E. coli, ngakhale kamodzi, adziwa kuti zonyansa za munthu kapena za nyama zalowamo. Ayesanso klorini wotsala m'madzi a pampopi, amene asacepere mamiligaramu 0.2 pa lita.

4. Kusiyana kwace

Apa ndipo pagona phunziro. Kuphitsa madzi kapena kuthiramo klorini kupha tizirombo ta kolera, koma sikucotsa mkuwa kapena mtobvu. Madzi akaphwa pamoto, zitsulo zitsalira momwemo. Laimu aphetsa asidi, koma sateteza mwana ku kolera. Sing'anga wanzeru ayamba wadziwa nthenda asanapereke mankhwala. Momwemonso madzi ayesedwe, kuti anthu adziwe ngati ayenera kuwaphitsa kapena kuwaleka ndithu.

Cifukwa cace banja liri lonse lisunge madzi m'cotengera cobvundikira, liwaphitse kapena kuthiramo klorini. Akaona nsomba zirikufa kapena mtsinje wasintha mtundu, auze akulu a komboni ndi a ZEMA tsiku lomwelo, madzi oipawo asanapite. Pakuti botolo lotungidwa mocedwa silinena zoona.

Mafunso

1. Cifukwa ninji woyesa atunga madzi kumtunda kwa mgodi?
2. Thanthwe la laimu liipitsa bwanji zitsime za ku Kanyama?
3. Ndi coipa citi cimene moto sungacotse m'madzi?